Khonde la matabwa losupuka chaka ndi chaka: kupeza chipangizo chimene chinalakwitsa

Makonde a matabwa, amene ambiri amangowatchula kuti madeki, afala ndithu mu Lusaka, makamaka ku Kabulonga, Woodlands, Ibex Hill ndi m'mbali mwa msewu wa Leopards Hill, kumene amawamanga kuseri kwa nyumba, pa malo odyera a panja, kapena m'mphepete mwa damu losambiramo. Dandaulo la eni ake limakhala limodzimodzi. Khonde limapakidwa mankhwala mu Okutobala pothamangira mvula, limanyezimira kwa masabata owerengeka, ndipo pofika Epulo pena pasupuka, pena patuwa, pena pali mawanga akuda mozungulira misomali. Mwini nyumba amagula chitini china chokwera mtengo kuposa choyamba n'kuitana mmisiri wina, koma mvula ikatha amapeza zomwe zija.

Chitini chimanamiziridwa kawirikawiri. Pa makonde ambiri owonongeka, cholakwa chimakhala pa chipangizo chimene anapalira, kutsukira kapena kupakira, ndiponso pa nthawi imene ntchitoyo inagwiridwa. Ubwino wake ndi wakuti chipangizo chilichonse chimasiya chizindikiro chakechake, moti munthu akagwada n'kuliyang'anitsitsa thabwalo angathe kudziwa chimene chinalakwika asanatayenso ndalama zina.

Nyengo ya kuno payokha ndi yovuta kwa thabwa loyalidwa panja popanda denga. Mzindawu uli pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, choncho dzuwa limawotcha mwamphamvu ngakhale tsiku lozizira, ndipo mvula ya chaka chonse, yokwana mamilimita 800 kapena kupitirirapo pang'ono, imagwa pakati pa Novembala ndi Epulo, miyezi yotsalayo n'kukhala youma gwa. Thabwa limafufuma m'dzinja n'kufota m'chilimwe, ndipo chilichonse chopakidwa pamwamba pake chiyenera kupirira zimenezi chaka ndi chaka.

Mankhwala akamasupuka

Ili ndilo vuto lalikulu, ndipo limayambira m'sitolo. Mankhwala opaka matabwa a panja ali m'magulu awiri. Ena amauma pamwamba n'kupanga khungu lonyezimira, ndipo vanishi ali m'gulu limeneli. Ena ndi amafuta, amene amalowa m'kati mwa thabwa monga mmene mafuta odzola amalowera m'khungu lotuwa la mwezi wa Juni, osasiya kanthu pamwamba. Vanishi amakongoletsa chitseko kapena tebulo, koma pa khonde lopondedwa ndi nsapato ndi kukokerapo mipando amachita timing'alu tosaoneka ndi maso. Madzi amalowera m'timing'aluto, amakodwa pansi pa khungu lija, ndipo dzuwa likatentha amalitukula. Pa khonde lopanda denga mu Lusaka, mankhwala amafuta okhala ndi mtundu pang'ono ndiwo oyenera, chifukwa iwo sasupuka koma amangofwifwa, ndipo mtundu umene uli m'katimo ndi umene umatchinga dzuwa. Mankhwala oyera mbee opanda mtundu amatha msanga kwambiri.

Tolani kachidutswa kamodzi kosupuka ndipo mukatembenuze. Ngati kunsi kwake kwamatirira timaulusi totuwa ta thabwa, ndiye kuti pamwamba pa thabwalo panali patafa kale ndi dzuwa, kaya chifukwa silinapalidwe lisanapakidwe kapena chifukwa dzuwa linapyola vanishi wopanda mtundu n'kuwononga pansi pake. Ngati kunsi kuli kosalala ndi kowala, mankhwalawo sanagwire n'komwe: anapakidwa pamwamba pa vanishi wakale, kapena pa thabwa losalazidwa mopitirira muyeso.

Kupakanso pamwamba pa malo osupuka n'kungotaya mankhwala. Zakale zonse ziyenera kuchoka kufikira thabwa lenileni litaoneka. Musanayambe, tengani hamala ndi kachitsulo kokhomera mitu ya misomali n'kumiza mutu uliwonse pansi pang'ono, ndipo masikuluwu omasuka muwamange, apo ayi sandipepa idzang'ambika pa thabwa loyamba lomwe. Kenako yambani ndi chopalira chachitsulo chakuthwa, chokoka ndi manja awiri, kuchotsa zonse zimene zatukuka kale, chifukwa vanishi wakale akatentha amafewa n'kutseka sandipepa m'kanthawi kochepa.

Nambala ya sandipepa ndi pamene amisiri ambiri abwino amaphonya. Nambala ikakhala yaing'ono, mchenga wake umakhala waukuluukulu. Pochotsa zakale gwiritsani ntchito ya 40 kapena 60, pomaliza ya 80, ndipo muimire pomwepo. Akalipentala opanga mipando ndi makabati, monga amene timawaona ku Kalingalinga m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, anazolowera kumaliza ndi 180 kapena 220, ndipo pa kabati akulondola. Pa khonde sandipepa yosalala choncho imatseka timabowo ta thabwa, mafuta n'kulephera kulowa. Palibe chipongwe kufunsa mmisiri ntchito isanayambe kuti, "Kodi bambo, mumalizira ndi sandipepa ya nambala yanji?" Yankho lake lidzakuuzani zambiri kuposa mtengo umene wakutchulirani.

Chipangizo china chofunika kuchikaniza ndi makina odulira zitsulo aja otchedwa grinder, amene ena amawaveka chimbale cha sandipepa kuti ntchito ifulumire. Makinawa amazungulira mothamanga kwambiri, amakumba timaenje ndi kusiya mizere yokhota imene siioneka thabwa likadali louma, koma mafuta amtundu akangolowa imatuluka yonse poyera. Makina oyenera ndi a lamba, amene amayendetsedwa motsata utali wa thabwa osawaimitsa malo amodzi, kapena aja ozungulira monjenjemera, amene ndi ochedwerapo koma savulaza thabwa. M'makona ndi m'mphepete mwa khoma, sandipepa yokulunga pa kachidutswa ka thabwa imakwanira. Popeza magetsi amathimathima, ndi nzeru kugawa khonde m'zigawo zimene mungathe kupala ndi kupaka m'masiku awiri kapena atatu, kusiyana ndi kupala lonse n'kulisiya pa dzuwa ndi pa fumbi kwa masabata.

Popala valani chotchinga mphuno ndi pakamwa. Izi n'zofunika kwambiri ngati matabwawo ndi a paini obiriwira pang'ono, amene anamwetsedwa mankhwala a CCA oteteza ku chiswe, chifukwa mankhwalawa ali ndi poizoni wotchedwa arsenic. Utuchi wake ndi zidutswa zake zisasonkhezedwe pa mbaula kapena powotchera nyama, ndipo zisathiridwe m'dimba la ndiwo zamasamba.

Mukamaliza kupala ndi kusesa, yesani ndi madzi. Donthezani sipuni imodzi pa matabwa angapo osiyanasiyana. Madzi akalowa m'mphindi zochepa n'kudetsa thabwa, mafutanso adzalowa. Akangokhala pamwamba osalowa, pakadali chotchinga, ndipo muyenera kupalanso.

Khonde lomata losafuna kuuma

Nthawi zina padutsa sabata yathunthu koma nsapato ikumatabe, fumbi ndi tinyerere zakakamira, ndipo mapazi a galu adinda ponseponse. Chimene chimachititsa zimenezi pafupifupi nthawi zonse ndi kuchulutsa mafuta, ndipo chipangizo cholakwa chimakhala rola yaubweya wautali, ija yopentera makoma. Rola yotere imanyamula mankhwala ambiri kuposa amene thabwa lingamwe, ndipo otsalawo amauma theka pamwamba n'kusanduka ulimbo. Ambiri amaganiza kuti kupaka mochindikala ndiko kuteteza kwambiri, koma kwa mankhwala amafuta zimenezi si zoona, popeza amene akugwira ntchito ndi okhawo amene alowa.

Mtundu wa mtengo umasinthanso zinthu. Paini wochokera m'nkhalango zobzala za ku Copperbelt ndi wofewa ndipo amamwa kwambiri, moti angafune kupakidwa kawiri. Mukusi wa ku Western Province, umene ena amautchula kuti Zambezi teak, ndi wolimba ndi wothinana kwambiri, ndipo mlombwa, umene pa msika amautchula kuti mukwa, nawonso sumwa ngati paini. Pa mitengo imeneyi kupaka kamodzi mopyapyala kumakwanira nthawi zambiri, ndipo munthu amene wazolowera paini akapaka muyeso womwewo amasiya dziwe.

Chipangizo chimene chimapewetsa vutoli ndi chotsika mtengo kuposa zonse: nsanza za thonje zosathothoka. Mukapaka matabwa angapo, dikirani mphindi 15 mpaka 30, kapena monga mmene chitini chanenera, kenako pukutani zonse zimene zikunyezimirabe pamwamba mpaka thabwa lioneke lonyowa koma losawala. Ngati khonde lamata kale, nyowetsani nsanza ndi tapentaini, mafuta aja osungunulira penti ndi kutsukira burashi, n'kupukuta mwamphamvu kagawo kamodzikamodzi, mukusintha nsanza ikada. Musagwiritse ntchito thinners wosungunulira penti uja, chifukwa ndi waukali kwambiri, amauluka msanga ndipo amasiya zigamba. Ulimbowo ukakhala kuti waumiratu, palibe njira ina koma kuupala.

Pali zifukwa zina ziwiri zimene zimachedwetsa kuuma. Choyamba ndi kuzizira kwa Juni ndi Julayi, pamene usiku umatsika pansi pa madigiri 10, ndipo mankhwala opakidwa madzulo amagona osauma n'kugweredwa mame. Chachiwiri ndi thabwa lauwisi. Matabwa ogula ku Buseko kapena pa msika wina uliwonse nthawi zina amakhala ongochekedwa kumene, ndipo kunja amaoneka ouma pamene m'kati muli madzi. Amene ali ndi kachipangizo koyezera chinyezi aonetsetse kuti chili pansi pa 15 peresenti. Amene alibe angamatize kapepala ka pulasitiki pa thabwa ndi tepi mbali zonse zinayi n'kukasiya pa dzuwa kwa maola angapo. Kunsi kwake kukachita thukuta, thabwalo silinafike popakidwa.

Za nsanza zija pali chenjezo limene si lamasewera. Nsanza zonyowa ndi mafuta a linseed kapena mankhwala ena amafuta zikaunjikidwa pamodzi zimatentha zokha ndipo zingathe kuyaka popanda machesi. Musaziponye m'katoni kapena m'galaja. Ziyanikeni imodziimodzi panja pa simenti mpaka ziume gwa, kapena zimizeni m'ndowa yachitsulo yamadzi.

Mizere, zigamba ndi mtundu wosafanana

Mukaona mizere yakuda yopingasa pakati pa matabwa, motalikirana pafupifupi kutalika kwa mkono wa munthu, dziwani kuti wopakayo ankagwira ntchito m'mabwalo: amapaka pamene mkono wafika, amasuntha, n'kuyambiranso pamwamba pa malo amene ayamba kale kuuma. Pamene mabwalo awiri akumana pamalandira mankhwala kawiri, ndiye pamada. Njira yake ndi kutenga matabwa awiri kapena atatu okha n'kuwatsata kuchokera kumapeto ena kufikira ena osapumira pakati, ndipo ngati pafunika kupuma, kupumira pa mpata wa pakati pa matabwa. Dzuwa limakulitsa vutoli. Mu Okutobala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 30, thabwa la pa dzuwa limatentha kuposa mpweya, ndipo mankhwala amauma asanalowe. Ikani chikhatho pa thabwa: ngati simungachisiye pamenepo momasuka, si nthawi yopaka. Yambani m'mawa mame atangouma, ndipo muzitsata mthunzi wa nyumba.

Burashi nayo iyenera kugwirizana ndi zimene zili m'chitini. Mankhwala osungunulidwa ndi tapentaini amafuna burashi yaubweya wachilengedwe, pamene mankhwala osungunulidwa ndi madzi amafuna ya nayiloni kapena polyester, chifukwa ubweya wachilengedwe umamwa madzi, umafufuma n'kulefuka, ndipo umasiya mikwingwirima. Kuti mudziwe gulu la mankhwala anu, werengani pamene chitini chanena za chotsukira burashi. Pa matabwa a khonde, burashi yotambalala mamilimita 100 kapena kuposerapo ndi imene imayenda bwino, ndipo pafunikanso ina yaing'ono ya mamilimita 25 yolowetsa m'mipata. Pogula, kaya m'masitolo a zomangira a mu Cha Cha Cha Road kapena ku Kamwala, ipindeni pa chikhatho n'kuona ngati ubweya ukubwerera m'malo mwake, kenako kokani pang'ono ndi zala. Ngati tiubweya tatsalira m'zala muli m'sitolo momwemo, tambiri tidzatsalira pa khonde lanu, ndipo kutitola tikauma kumasiya zipsera.

Rola siyoletsedwa kotheratu. Pa khonde lalikulu, rola yaubweya waufupi yoikidwa pa mtengo wautali imapulumutsa msana, koma pafunika munthu wachiwiri wotsatira pambuyo ndi burashi, kukankhira mankhwala m'thabwa ndi kuchotsa ochuluka. Rola yasiponji imasiya thovu, choncho ndi bwino kuipewa. Makina opopera amafunanso burashi yotsatira, ndipo ndi mphepo ya mu Ogasiti theka la mankhwala limathera pa mawindo ndi pa galimoto ya oyandikana nawo.

Ngati mbali imodzi ya khonde yatuluka yoyererako ndipo ina yakuda kwambiri, cholakwa chili pa kamtengo kotakasira. Mtundu umakhazikika pansi pa chitini, moti amene wangotsegula n'kuyamba kupaka amayamba ndi mafuta okhaokha n'kumalizira ndi phala. Takasani ndi kathabwa kophwatalala kofika pansi penipeni, ndipo muzibwereza pafupipafupi ntchito ili m'kati. Musakhutchumule chitini, chifukwa zimenezo zimalowetsa mpweya. Ngati zitini zili ziwiri kapena zitatu, zisakanizeni m'ndowa imodzi musanayambe, popeza ngakhale za dzina limodzi zimasiyanako pang'ono.

Kumapeto kwa thabwa, kumene linadulidwa ndi sowo, ndi kumene kumamwa madzi kwambiri, ndipo kung'aluka ndi kuola zimayambira kumeneko. Malo amenewa ndi okhawo oyenera kudyetsedwa mankhwala mobwerezabwereza mpaka atakana okha.

Mawanga akuda

Mawanga akuda ali mitundu iwiri, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Ena ndi nkhungu, imene imakonda malo amthunzi, pansi pa miphika ya maluwa ndi pansi pa mitengo ya mango imene imagwetsa masamba. Ena amabwera chifukwa cha chitsulo. Mitengo yambiri yolimba, kuphatikizapo bulugamu, ili ndi mankhwala achilengedwe otchedwa tannin, ndipo chitsulo chonyowa chikakhudzana ndi tannin pamatuluka mtundu wakuda wopita ku buluu. Kuti musiyanitse, donthezani Jik wosungunula pa banga limodzi: nkhungu imayera m'mphindi zochepa, pamene banga la chitsulo silisuntha.

Mawanga ozungulira misomali amatanthauza kuti anakhomera misomali wamba m'malo mwa masikuluwu osachita dzimbiri, ndipo adzabwerabe mpaka misomaliyo itasinthidwa. Koma timadontho takuda tomwazika ponseponse timachokera ku chipangizo chotsukira. Waya wofewa uja wokwechera mapoto ndiponso burashi yawaya zimasiya tizitsulo tosaoneka m'thabwa, ndipo mvula yoyamba imatisandutsa mawanga. Zomwezo zimachitika owotcherera zitsulo akadulira geti kapena zotchingira mbala za m'mawindo pafupi ndi khonde, tizitsulo n'kuulukira pa matabwa. Potsuka khonde gwiritsani ntchito burashi yolimba ya pulasitiki basi. Mawanga a chitsulo amachoka ndi oxalic acid wosungunula m'madzi ofunda, amene amapezekanso m'mankhwala ambiri owalitsira matabwa. Ndi poizoni, choncho valani magolovesi ndi magalasi, musungunulire m'ndowa ya pulasitiki, ndipo mutsukuluze ndi madzi ambiri. Pa nkhungu, Jik akhale wosungunula kwambiri ndipo asakhalitse, chifukwa akachuluka amayeretsa thabwa mbuu ndi kufooketsa pamwamba pake. Mankhwala awiriwa, Jik ndi oxalic acid, asasakanizidwe, popeza amatulutsa mpweya woopsa.

Thabwa lochita ubweya kapena loyera ngati lathiridwa laimu

Ubweya pa thabwa ndi chizindikiro cha makina otsukira ndi madzi othamanga, onga a kotsukitsa galimoto, amene anayandikizidwa kwambiri kapena kuikidwa kamlomo koponya madzi malo amodzi. Paini ndiye amavulala msanga. Ngati makinawa agwiritsidwa ntchito, mphamvu ikhale yochepa, kamlomo kakhale komwaza madzi motambalala, ndipo kayende motsata utali wa thabwa. Ubweya umene wachitika kale umachoka ndi sandipepa ya 80 thabwa litauma.

Kuyera kotuwa kumene kumatsalira madzi akauma nthawi zambiri kumachokera m'chitsime. Mbali yaikulu ya Lusaka inakhala pa miyala ya laimu, ndipo madzi a m'zitsime zokumba ndi makina ali ndi laimu wambiri, yemwe uja amene amaundana m'ketulo. Mukatsuka khonde musasiye madzi kuti aumire pomwepo, koma akankheni ndi chokokera madzi champhira, ndipo onetsetsani kuti zothirira kapinga sizikuwaza pa matabwa m'mawa uliwonse. Mukatsuka, dikirani masiku awiri kapena atatu adzuwa musanapake.

Nthawi yake ndi kusunga zipangizo

Mwezi wothamangira mvula ndiwo woipitsitsa pa ntchito imeneyi. Ntchito yaikulu yopala ndi kupaka imayenda bwino mu Meyi, pamene matabwa auma, dzuwa silinafike poipa, usiku sunazizire kwambiri, ndipo mphepo yafumbi sinayambe. Mukalemba mmisiri, gwirizanani mtengo wa ntchito yonse kuphatikizapo kupala, ndipo muone nokha thabwa lopalidwa chitini chisanatsegulidwe, chifukwa mankhwala akangopakidwa simungadziwenso zimene zili pansi pake.

Burashi yabwino imatha zaka ngati yatsukidwa tsiku lomwelo, ya mafuta ndi tapentaini kenako sopo, ya madzi ndi sopo yekha, n'kuipachika ubweya utaloza pansi. Kuisiya itaimirira m'chitini cha tapentaini kumapinda ubweya kosawongokanso. Mankhwala otsala atsekedwe bwino n'kusungidwa pa mthunzi, ndipo lembani dzina ndi mtundu wake penapake, popeza kusintha kuchoka ku amafuta kupita ku amadzi kumafuna kupala khonde lonse.

Mu Seputembala bwerezani kuyesa ndi sipuni ya madzi, makamaka pa masitepe, pakhomo ndi pa matabwa a kumpoto amene dzuwa limawawomba nthawi yaitali. Pamene madzi akukhalabe pamwamba pasapakidwe kanthu. Pamene akulowa, tsukani ndi burashi ya pulasitiki ndi sopo wochepa, dikirani paume, pakani kamodzi mopyapyala thabwa lonse kuchokera kumapeto kufikira kumapeto, ndipo mupukute otsala ndi nsanza. Chotsaninso zinyalala m'mipata ya pakati pa matabwa ndi kachitsulo kopyapyala kosachita dzimbiri kuti madzi a mvula azidutsa, ndipo miphika ya maluwa muiike pa timiyala kuti mpweya uzipita pansi pake.